Masters ya uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala: njira zinayi kwa a ku Salima ndi ku Nkhotakota

MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zakhala zikutulutsa achinyamata odziwa uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala. Ena analowa ntchito m'zipatala za boma, ena m'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, ena ku makampani ogulitsa makina ku Lilongwe, ndipo ena akadali pakhomo kudikira kuitanidwa. Pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu, onsewa amayamba kufunsa zofanana: kodi ndikachite masters? Kuti? Ndi ndalama za yani?

Ndinene poyera maganizo anga. Masters siphunzitsa munthu kukonza makina. Amene akufuna kukhala katswiri wotsegula concentrator (makina opatsa odwala okosijeni) kapena makina a ku thiyeta sakufunikira digiri yachiwiri, akufunikira zina. Masters imatsegula makomo a kafukufuku, uphunzitsi ndi utsogoleri. Choncho musanayambe kuyang'ana dzina la yunivesite, sankhani ntchito imene mukufuna kudzagwira mukadzamaliza.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Ntchito za m'gawoli zilipo za mitundu itatu. Yoyamba ndi ya manja: kuika makina, kuwayeza, kuwakonza, ndi kuphunzitsa anamwino kagwiritsidwe kake. Yachiwiri ndi yopanga zatsopano, kufufuza ndi kuphunzitsa pa yunivesite. Yachitatu anthu amainyoza koma ndiyo dziko likusowa kwambiri: kuyendetsa zipangizo za chipatala chonse kapena chigawo chonse, kulemba zofunikira asanagule makina, kukambirana makontirakiti a sevisi, ndi kuwerengera ndalama za masipeya. Mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a pa Duke University anaunika zipangizo zoposa 100,000 m'maiko 16 osauka ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zazikulu sizinali zovuta za sayansi ayi. Zinali kusowa kwa maphunziro, kusowa kwa dongosolo losamalira makina, ndi mavuto a magetsi, madzi ndi nyumba.

Mukasankha pa zitatuzi, njira iliyonse muiyeze ndi zinthu zinayi. Mtengo, kuphatikizapo malipiro amene mudzasiya kulandira. Kapezekedwe, kutanthauza ngati khomo lake ndi lotsegukadi kwa munthu wa magiredi ndi zaka zanu. Kusamalira, kutanthauza zimene zimafunika mwezi ndi mwezi kuti musasiyire panjira, komanso kuti luso lisazime mukabwerako. Ndipo chomaliza, chiopsezo.

Njira yoyamba: kukhala pa ntchito n'kumachita maphunziro aafupi

*Mtengo.* Iyi ndiyo yotchipa kuposa zonse, chifukwa malipiro sasiya kubwera. Maphunziro ambiri aafupi amalipiridwa ndi ena: kampani imene yagulitsa makina, unduna wa zaumoyo kudzera ku nthambi ya PAM yoyang'anira zipangizo, kapena mapulogalamu monga NEST360 amene amaphunzitsa anamwino ndi okonza makina a m'zipinda za ana akhanda.

*Kapezekedwe.* Apa ndiye pamavuta. Maphunzirowa sabwera pa kalendala yodziwika, ndipo mayina a opita amasankhidwa ndi akuluakulu. Amene ali pa chipatala cha boma laling'ono amamva mochedwa kusiyana ndi amene ali pa Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth. Ubwino wa Salima ndi wakuti Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, moti mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Wa ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa awerengere malo ogona.

*Kusamalira.* Luso silizima chifukwa manja ali pa makina tsiku lililonse, ndipo kunyanja kuno makina amaphunzitsa zimene buku silinena mokwanira. Taganizani za concentrator. Imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuupanikiza kudutsa m'mabotolo awiri odzaza timiyala ta zeolite, timene timagwira naitrojeni n'kusiya okosijeni wa pakati pa 90 ndi 96 pa 100. Timiyalati timadana ndi chinyezi. M'miyezi ya mvula mpweya wa kunyanja umakhala wonyowa, m'chilimwe fumbi limatseka masefa, ndipo magetsi akamazimazima kompuresa imavutika. Makina amalira bwinobwino, madzi a m'kabotolo akuchita thovu, namwino n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, pamene okosijeni watsika pansi pa 82 pa 100. Wopanda chida choyezera sangadziwe. GeneXpert ya ku labu, yoyezera matenda monga TB, nayo siifuna chipinda chotentha kupitirira madigiri 30, pamene ku Salima mu Okutobala kutentha kumadutsa pamenepo masiku ambiri. Amene walemba zonsezi m'kaundula kwa zaka zitatu, makina ndi makina, tsiku limene anafa ndi chimene chinawapha, ali ndi chuma. Kaundula ameneyo ndiye amasanduka mutu wa kafukufuku komanso nkhani yokopa opereka sikolashipu.

*Chiopsezo.* Masatifiketi a makampani amagwira ntchito pa makina a kampaniyo basi. Ikasiya mtundu umenewo, pepala latha mphamvu. Sakweza giredi ngati mmene digiri imachitira, ndipo simungaphunzitse nawo pa yunivesite. Choopsa china n'chakuti zaka zimapita mwakachetechete, pamene masikolashipu ena ali ndi malire a msinkhu.

Njira yachiwiri: masters ya konkuno ku Malawi

*Mtengo.* Fizi imalipidwa m'makwacha, ndipo zimenezi si zazing'ono. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amene ankalipira sukulu m'madola anagona ali ndi ngongole ina n'kudzuka ali ndi ina. Komabe musaiwale zobisika: basi, malo ogona ku Blantyre, chakudya, bandulo ya intaneti, ndi ndalama za kafukufuku, zimene nthawi zambiri zimachoka m'thumba la wophunzira.

*Kapezekedwe.* Pali mbali ziwiri. Mutha kufuna mphunzitsi pa MUBAS kapena MUST woti akuyang'anireni pa masters ya kafukufuku, mutu wake uli wa zipangizo za m'chipatala. Kapena mutha kupatukira ku maphunziro oyandikana nawo, monga Master of Public Health pa KUHeS, ngati mtima wanu uli pa ntchito yachitatu ija yoyendetsa zinthu. Mndandanda wa maphunziro umasintha, choncho werengani zolengeza za chaka chimenecho osati zimene mnzanu anamva kale. Amene ali ndi dipuloma adziwe kuti khomo ili silinatseguke: choyamba ndi kukweza dipuloma kukhala digiri.

Musaganize kuti kafukufuku wa konkuno ndi wotsika. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anabadwa mu mgwirizano wa Rice University ya ku Houston ndi madokotala a pa Queen Elizabeth. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti ana 71 pa 100 amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 amene analandira okosijeni wamba. Umboni umenewo unasonkhanitsidwa m'wodi ya ku Blantyre, osati ku America.

*Kusamalira.* Maphunziro amene amachitika kwa masabata ochepa kenako n'kubwerera ku ntchito amaoneka osavuta papepala. Zoona zake n'zakuti kuchoka ku Nkhotakota kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo m'dzinja msewu wa M5 umatha kuduka madzi akasefukira. Pa chipatala pamene injiniya ndinu nokha, mukachoka kwa masabata awiri foni siisiya kulira. Gwirizanani ndi abwana anu molemba musanalipire fizi, osati pakamwa pokha.

*Chiopsezo.* Chachikulu ndi kukakamira pa kafukufuku. Makalasi amatha pa nthawi yake, koma pepala lomaliza limatha kutenga zaka chifukwa mphunzitsi ali ndi ophunzira ambiri, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chachedwa, kapena kachipangizo kamodzi koitanitsa kunja kasowa ndalama zakunja. Musanalembetse funsani funso limodzi: mwa ophunzira a mphunzitsi ameneyu, ndi angati anamaliza, ndipo zinawatengera nthawi yotani? Komanso ngati mutu wanu ukufuna labu ya zinthu zakuya monga kulima minofu ya thupi kapena kupanga timasensa tating'onoting'ono, kuno si malo ake.

Njira yachitatu: maiko a mu Africa, makamaka South Africa

Kwa ambiri amene akufunadi masters ya uinjiniya weniweni, ine ndimaona kuti njira iyi ndiyo imayenera kuyang'anidwa koyamba, ngakhale kuti anthu amaidumpha pothamangira London.

*Mtengo.* Pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 limati ophunzira a m'maiko a m'bungweli azilipira fizi ngati eni dziko. Choncho Mmalawi pa yunivesite ya boma ku South Africa salipira mtengo wa munthu wochokera kutali, ngakhale pamakhala kandalama kowonjezera ka ophunzira akunja. Chimene chimapweteka ndi lendi, makamaka ku Cape Town ndi Stellenbosch, ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya m'dzikomo imene amaifuna asanapereke viza. Thandizo lilipo: Mandela Rhodes imatenga achinyamata a mu Africa a zaka 19 mpaka 29, Mastercard Foundation ili ndi pulogalamu pa mayunivesite angapo kuphatikizapo Cape Town ndi Pretoria, ndipo Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Aphunzitsi amene ali ndi ndalama za kafukufuku nawonso amatha kulipirira wophunzira wawo.

*Kapezekedwe.* University of Cape Town ili ndi gawo lakale la uinjiniya umenewu mkati mwa sukulu ya zaumoyo, pafupi ndi chipatala cha Groote Schuur. Pa chipatala chimenechi ndi pamene Allan Cormack anayambira kulingalira masamu amene anadzakhala maziko a makina a CT ojambula m'kati mwa thupi, ntchito imene analandirira mphotho ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Godfrey Hounsfield. Stellenbosch nayo ili ndi maphunzirowa, ndipo kumpoto kuli Addis Ababa. Mapepala anu angafunike kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la ku South Africa lovomereza mapepala a maphunziro, choncho yambani msanga. Ku masters ya kafukufuku salowa ndi fomu yokha. Mumayamba mwalembera mphunzitsi amene ntchito yake mwaiwerenga, n'kumuuza vuto limene mwaliona ndi maso. Kalata yonena kuti "ndili ndi kaundula wa zaka zitatu wa mmene chinyezi chimaonongera ma concentrator m'mbali mwa nyanja ya Malawi" imayankhidwa msanga kuposa yonena kuti mumakonda kuthandiza anthu.

*Kusamalira.* Werengerani zaka ziwiri. Mudzakumana ndi maphunziro a thupi la munthu ndi kagwiridwe ntchito kake, amene injiniya ambiri amawaona olemera. Ubwino wake ndi wakuti kwanu si kutali: pakagwa zovuta, basi ya ku Johannesburg yodzera ku Mwanza ndi Tete ilipo, ndipo deta ya kafukufuku mutha kudzaitolera ku Salima kapena pa St Anne's ku Nkhotakota ngati mwapeza chilolezo.

*Chiopsezo.* Sikolashipu ikatha pepala lisanathe, chaka chachitatu n'cha m'thumba mwanu. Kuchedwa kwa viza kumatha kukudyerani miyezi yoyamba. Ndipo nkhanza zochitira anthu obwera, zimene zimabuka nthawi ndi nthawi m'madera ena a dzikolo, aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amazidziwa.

Njira yachinayi: kutsidya kwa nyanja

*Mtengo.* Popanda sikolashipu, njira iyi muisiye. Ku Britain fizi ya chaka chimodzi ya wophunzira wakunja imadutsa mapaundi 20,000 m'mayunivesite odziwika, malo ogona osawerengera. Kugulitsa munda kapena nyumba ya makolo chifukwa cha masters ya chaka chimodzi ndi malonda oluza, poona malipiro amene mudzabwerere. Germany ndi yosiyana: mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, kupatula chigawo cha Baden-Württemberg kumene akunja amalipira mayuro 1,500 pa semesita, ndi ena ochepa monga TU Munich. Koma kuti mulandire viza muyenera kuonetsa ndalama zodyera chaka chonse mu akaunti yotsekedwa, zimene mu 2024 zinakwera kufika mayuro 11,904. Kupeza mayuro ochuluka chotere ku banki za kuno masiku ano ndi nkhani ina.

*Kapezekedwe.* Chevening imalipira zonse pa masters ya chaka chimodzi ku Britain, koma imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Amatsegula mu Ogasiti. Palinso Commonwealth, imene ili ndi nthambi yolipirira maphunziro a pa intaneti kwa amene sangachoke pa ntchito. Ku Europe kuli DAAD ya Germany ndi Erasmus Mundus, imene imapereka mayuro 1,400 pa mwezi ndipo wophunzira amayenda m'maiko awiri kapena atatu. Japan ili ndi MEXT ndi ABE Initiative, India ili ndi ICCR, ndipo China imapereka malo kudzera ku ofesi ya kazembe wake. Za America pali Fulbright, koma malamulo a viza kwa Amalawi akhwima kuyambira 2025, moti fufuzani mmene zilili musanawononge ndalama pa mayeso.

Masukulu ake ndi ambiri. Strathclyde ku Glasgow ndi Imperial College ku London ndi odziwika pa maphunzirowa. Ku Germany kuli Lübeck, kwawo kwa kampani ya Dräger yopanga makina a ku thiyeta ndi othandiza kupuma, ndi Erlangen kumene kuli Siemens Healthineers. Kuphunzira pafupi ndi fakitale kumapereka mwayi woyeserera ntchito umene kalasi yokha singapereke. Chenjezo langa n'lakuti musatumize mafomu paliponse nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mafomu awiri olembedwa mosamala amaposa khumi okopera.

*Kusamalira.* Ndalama zimayamba kutuluka musanasankhidwe: pasipoti, mayeso a Chingerezi a IELTS ngati sukulu ikuwafuna, kuyezetsa TB kwa opita ku Britain, ndi maulendo a ku Lilongwe amene satha. Masters ya ku Britain ndi yothina. Miyezi 12 imatha musanazolowere kuzizira. Ya ku Germany imatenga zaka ziwiri, ndipo ngakhale makalasi ali m'Chingerezi, ntchito ya pa fakitale imafuna Chijeremani. Okwatira awerenge bwino malamulo a banja: kuyambira Januwale 2024 Britain inaletsa ophunzira ambiri a masters ya m'kalasi kutenga akazi, amuna kapena ana awo.

*Chiopsezo.* Choyamba ndi kubwera ndi luso lopanda pogwirira. Mutha kuthera chaka mukuphunzira maloboti ochita opareshoni, n'kubwerera pa chipatala pamene vuto lalikulu ndi sefa ya concentrator ndi batire la jenereta. Sankhani maphunziro amene ali ndi msika kuno: makina ojambula m'thupi, makina a radiation tsopano pamene Lilongwe ili ndi malo othandizira odwala khansa, dongosolo la okosijeni, malamulo oyendetsera zipangizo, kapena kuyendetsa zipangizo za chipatala. Chachiwiri ndi ntchito yanu. Wa m'boma achoke ndi chilolezo cha holide ya maphunziro ndipo awerenge bondi asanasaine. Digiri yatsopano siikweza giredi yokha popanda malo opanda munthu. Chachitatu ndi masukulu achinyengo, makamaka a pa intaneti. Funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'Malawi, ngati digiriyo idzavomerezedwe musanalipire kalikonse, ndipo musasiye kulembetsa kwanu ku Malawi Engineering Institution kufa muli kunja.

Ndani atenge iti

Ngati mwangomaliza digiri ndipo simunagwirepo ntchito, musathamangire masters. Pezani malo, ngakhale ongodzipereka, pa chipatala chapafupi. Zaka ziwiri zimenezo zikukwaniritsirani maola a Chevening ndi kukupatsani vuto lenileni loti mudzafufuze.

Ngati mumasangalala makina akadzuka m'manja mwanu ndipo simulakalaka kuimirira m'kalasi, khalani pa njira yoyamba. Sakani maphunziro a makina amene akatswiri ake ndi ochepa, monga X-ray, ultrasound, makina a labu ndi malo opangira okosijeni. Makampani a sevisi amalipira luso limeneli kuposa mmene amalipirira pepala la masters.

Ngati muli ndi banja, ntchito ya m'boma yokhazikika, ndipo mukufuna kudzakhala pa tebulo pamene amaganiza zogula, tengani masters ya konkuno kapena ya pa intaneti yolipiridwa ndi Commonwealth. Ya zaumoyo wa anthu kapena ya kayendetsedwe ka zipatala ikuthandizani kuposa ya uinjiniya wakuya.

Ngati mukufuna kuphunzitsa pa MUBAS kapena MUST, kupanga makina anuanu, kapena kudzafika pa PhD, yang'anani masters ya kafukufuku ya zaka ziwiri. Yambani ndi South Africa, ndipo ngati simunakwane zaka 30 musaphonye Mandela Rhodes. Germany ibwere yachiwiri, pokhapokha DAAD kapena Erasmus Mundus itakutengani. Masters ya chaka chimodzi ya ku Britain ndi yoyenera kwambiri amene ali kale pa udindo ndipo akufuna kukwera ku unduna kapena ku mabungwe, chifukwa kafukufuku wake ndi wa miyezi yochepa.

Ngati muli ndi dipuloma, ndalama zanu zipite pa digiri yoyamba, ndipo m'zaka zimenezo pitirizani kulemba kaundula wa makina a pa chipatala chanu.